MAKOBIRI AKALE A KU AMEREKA NDI MAYESEDWE ACE

Akonzi a magazini yathu anandipempha kuti ndilembe za phunziro lina limene sitiliphunzira m'kalasi. Ine ndasankha kulemba za makobiri akale a mkuwa a ku Amereka, ndi za njira imene anthu owasonkhanitsa ayesera ubwino wace. Kapena wina adzafunsa kuti, "Kodi mnyamata wa pa sukulu yogonera pompo, amene asowa ndi ya sopo yomwe, adziwa ciani za ndarama za dziko lakutali?" Yankho langa ndi lakuti ndinaziphunzira mwamanyazi, pakuti ndinaononga kobiri limodzi lotere, ndipo silinali langa.

Kobiri la Aphunzitsi

Aphunzitsi athu a mbiri yakale anakaphunzira ku Amereka ali anyamata. Tsiku lina teremu yathayi, tiri kuphunzira za m'mene maiko 13 a kumeneko anadzicotsera mu ulamuliro wa Angerezi, iwo anaturutsa ndarama m'kathumba ka pepala, nati, "Iyi ndi senti ya caka ca 1851. Muigwire m'mphepete, zala zisakhudze nkhope yace." Ndaramayo inazungulira kalasi yonse. Inali yoderapo ngati khofi wokazinga, ndi yolemera m'dzanja. Mbali yina panali mutu wa mkazi wozingidwa ndi nyenyezi 13, ndipo mbali yinayo panali nkhata ya masamba ndi mau akuti ONE CENT.

Ine ndinakumbukira kobiri lobooka pakati limene agogo anga asunga m'citini, lija la nthawi ya Citaganya, lokhala ndi njobvu ziwiri. Makulidwe ace ndi ofanana, koma la ku Amereka ndi lolemerapo. Mau akuti kobiri anacokera kwa Apwitikizi, amene mkuwa auchula cobre, kotero m'nkhani yino senti ya mkuwa ndidzaichula kobiri.

Lacisanu ndinapempha kuti andibwereke kobirilo kuti ndilijambule m'magazini muno. Anandibwereka pamodzi ndi buku lofotokoza za makobiri otere, nati, "Uyambe wawerenga." Koma Loweruka m'mawa, nthawi yocapa, ndinaona litsiro pakati pa zilembo, ndipo ndinafuna kuwakondweretsa Aphunzitsi. Ndinatapa phulusa ku khichini, ndinathyola ndimu, ndipo ndinalikweca monga amai akwecera mapoto, kufikira linanyezimira. Anzanga a m'nyumba yogona anandiyamika kwambiri. Buku lija ndinalitsegula Lamulungu masana. Akuru anati safunsa anadya phula. Zimene ndinaphunzira, zina m'bukumo, zina kwa Aphunzitsi pambuyo pace, ndi izi.

Ciyambi ca makobiriwa

Pa 2 April 1792 nyumba ya malamulo ya United States inalamula kuti amange nyumba yosulira ndarama mu mzinda wa Philadelphia, umene pa nthawiyo unali likuru la dziko. Woyang'anira wace woyamba anali David Rittenhouse, katswiri wa za nyenyezi. Makina anali osaukira. Akavalo ndiwo anali kuzunguza zigudumu zofinya mkuwa kuti ukhale wopyapyala, ndipo makina odindira anali kuyendetsedwa ndi manja a anthu.

Makobiri oyamba anaturuka mu March 1793. Kumaso kwace kunali mutu wa mkazi wa tsitsi lomwazika, cizindikiro ca ufulu, ndipo kumbuyo kunali unyolo wa mphete 15, pakuti maiko ogwirizana anali atakwana 15. Wozokota anafuna kunena za umodzi, koma anthu sanakondwere nao. Ena anati mkaziyo aoneka ngati waopsedwa, ena anati unyolo ndi malodza pa dziko lonyadira ufulu. Ine ndiona kuti sananame, popeza m'dziko lomwelo anthu akuda ambiri mbiri anali pa ukapolo. Anasula makobiri 36,103 okha a mtundu umenewu, umene lero auchula Chain cent, ndipo anausiya.

M'malo mwa unyolo anaika nkhata ya masamba, nasula 63,353. Caka cisanathe anasinthanso kacitatu: anazokota mutu wina wokongola, ndi kacipewa kali pa ndodo kumbuyo kwa mkaziyo. Amene anauzokota anali Joseph Wright, koma iye anamwalira mu September 1793 ndi mliri wa yellow fever, nthenda yofalitsidwa ndi udzudzu, umene unapha anthu ngati 5,000 mu mzindamo. A mtundu wacitatuwu a 1793 anasula 11,056 okha. Kotero caka cimodzi cinabala mitundu itatu.

Poyamba kobiri linali kulemera magalamu 13 ndi theka. Mkuwa utakwera mtengo, ca kumapeto kwa 1795 analipepuza kufika pafupi magalamu 11. Cithunzi ca mkaziyo cinasinthika mu 1796, mu 1808, mu 1816 ndi mu 1839. Palibe kobiri loona lolembedwa 1815. Mkuwa wodula dula wokonzeka kudinda anali kuugula kwa Matthew Boulton ndi a kampani yace ku Birmingham, ndipo nkhondo ya Amereka ndi Angerezi imene inayamba mu 1812 inatseka njirayo mpaka mkuwa unatha.

Mu 1857 boma linaleka kusula makobiri akuru, linaturutsa kasenti kakang'ono, ndipo linaitana anthu kuti adzasinthitse akalewo. Pamenepo ena anazindikira kuti ndarama za ubwana wao ziri kutha, nayamba kusunga limodzi limodzi la caka ciri conse. Ndi m'mene kusonkhanitsa ndarama kunafalikira m'dzikomo.

Cifukwa cace asiyana siyana

Kobiri lidindidwa ndi zidindo ziwiri za citsulo, ca kumaso ndi ca kumbuyo. Pa zaka zoyambazo cidindo ciri conse cinali kukonzedwa ndi manja. Mmisiri anali kukhoma cilembo cimodzi cimodzi ndi nambala imodzi imodzi, ndipo cidindo cikang'aluka anali kupanga cina. Tsono palibe zidindo ziwiri zofanana kweni kweni, monga palibe anthu awiri olemba mofanana, ndipo zolakwa za mmisiri zinatsala pa mkuwa mpaka lero.

Pa cidindo coyamba ca 1793 dzina la dziko linafupikitsidwa kukhala AMERI. Pa cina ca 1796 cilembo B cioneka ngati H, kotero mau a ufulu awerengeka LIHERTY. Kumbuyo kwa makobiriwa kunali kulembedwa 1/100, kunena kuti ndi gawo limodzi la magawo 100 a dola, koma pa zidindo zina za 1801 mmisiri anakhoma 1/000. Aphunzitsi a masamu akanamucita ciani munthu ameneyo! Pa cidindo cina ca 1794 pali tinyenyezi 94 tobisika m'mphepete, toti sungatione popanda kuyang'anitsitsa. Ndipo pa makobiri a nkhata a 1793 alipo mtundu wina wa masamba acilendo pamwamba pa caka, wochedwa Strawberry Leaf, umene adziwika anai okha pa dziko lonse lapansi. Zaka zobvuta kupeza koposa ndi 1793, 1799 ndi 1804.

Munthu amene anaika zonsezi mu dongosolo limene anthu atsata mpaka lero anali Dr William H. Sheldon. Mu 1949 anaturutsa buku lochedwa Early American Cents, ndipo mu 1958 analikonzanso nalichula Penny Whimsy. Pafupifupi mtundu uli wonse wa zaka za 1793 mpaka 1814 anaupatsa nambala, kuyambira S-1 kufikira S-295. Anaikanso muyeso wa kusowa kwace, kuyambira R-1 kufikira R-8. R-1 ndi mtundu wopezeka kawiri kawiri, R-5 ndi umene atsala 31 mpaka 75, R-7 ndi 4 mpaka 12, ndipo R-8 ndi umene atsala atatu kapena ocepera.

Muyeso wa 1 mpaka 70

Kusowa pakokha sikukwanira. Makobiri awiri a cidindo cimodzi angathe kusiyana mtengo kwambiri mbiri, cifukwa lina linayenda m'manja zaka makumi ambiri mpaka kuperepeseka, pamene lina linagona m'bokosi. Ife amene tinakulira m'midzi ya fodya ticidziwa cimeneci: masamba a m'munda umodzi sagulidwa mtengo umodzi, koma monga mwa giredi yace.

Manambala a Sheldon, monga awagwiritsira nchito lero, ali motere:

1: kobiri lafufutika, lingozindikirika mtundu wace.
2 ndi 3: caka ndi zilembo zina zioneka mobvutikira.
4 mpaka 6, Good: caka ndi mau ziwerengeka, koma mutu watsala cithunzithunzi cabe.
8 mpaka 10, Very Good: mizere yina ya tsitsi yayamba kuoneka.
12 mpaka 15, Fine: ngati theka la tsitsi ndi masamba lioneka.
20 mpaka 35, Very Fine: zambiri zioneka bwino, malo okwera okha ndiwo asalala.
40 mpaka 45, Extremely Fine: kuperepeseka kuli pa nsonga zokha, monga pa tsitsi la pamwamba pa khutu.
50 ndi kupitirira, About Uncirculated: lakhudzidwa pang'ono cabe, ndipo kuwala kwa ku nyumba yosulira kukalipo.
60 mpaka 70, Mint State: silinayende m'manja konse.

Cifukwa ninji 70, osati 100 monga pa mayeso athu? Sheldon anaona kuti pa masiku ace kobiri langwiro linali kugulidwa ngati ka 70 kuposa lofufutika la mtundu womwewo. Tsono nambala inali yoculukitsira mtengo. Ngati lofufutika ligulidwa dola imodzi, la nambala 4 ligulidwa madola 4, la nambala 30 madola 30. Masamu amenewa sanakhalitse, pakuti mitengo ya makobiri abwino inathamanga kuposa ya oipa. Mu January 2015 kobiri limodzi la unyolo la 1793, losungika bwino zedi, linagulidwa pa okushoni madola 2,350,000. Koma manambala anakhala. M'zaka za m'ma 1970 bungwe la American Numismatic Association linawatenga kuti ayesere ndarama zonse za dzikolo, ndipo makampani oyesa ndarama, PCGS ya mu 1986 ndi NGC ya mu 1987, awalemba pa timabokosi ta pulasitiki m'mene atsekera ndarama zoyesedwa.

Kayesedwe kace

Kuona maso a nkhono nkudekha. Woyesa ayala nsaru yofewa pa tebulo, agwira kobiri m'mphepete, alipendeketsa uku ndi uku pansi pa nyali imodzi, ndipo ayamba kuliona ndi maso okha asanatenge galasi lokulitsa zinthu. Pali mafunso anai amene ayenera kudzifunsa.

Loyamba: kodi ndi loona? Anthu acinyengo asandutsa 1798 kukhala 1799 pozokota nambala yotsiriza. Ca 1804 pali cizindikiro codziwika: pa loona, 0 wa m'caka alunjikana ndi cilembo O ca mau akuti OF a kumbuyo.

Laciwiri: kodi laperepeseka kufika pati? Apa mpofunika nzeru, cifukwa makina a manja aja nthawi zina sanali kudinda mwamphamvu, ndipo kobiri linali kuturuka losaoneka bwino likali latsopano. Malo operepeseka asalala ndi kusintha maonekedwe, pamene malo osadindika bwino afanana ndi mbali zina zonse.

Lacitatu: kodi khungu lace liri bwanji? Mkuwa watsopano ndi wofiira, koma mpweya uusandutsa pang'ono pang'ono kukhala woderapo. Kuderako ndiko khungu la kobiri, ndipo kulichinjiriza. Odziwa akonda khungu losalala, looneka ngati cokoleti. Adana ndi dzimbiri lobiriwira, timaenje tonga ta nthomba, zipsera, ndi m'mphepete mophwanyika.

Lacinai: kodi munthu analisewerapo? Apa ndi pamene mtima wanga unagunda. Asidi wa ndimu adya khungu lija, ndipo phulusa lisiya timizere tosawerengeka. Kobiri lokwecedwa liwala monyenga, ndi maonekedwe otuwa ofiirira amene mkuwa wakale sukhala nao. Makampani aja salipatsa nambala kobiri lotere, angolemba kuti ndi loona koma linatsukidwa. Ndinatenga galasi ku labotale ndi kuyang'ana nchito ya manja anga. Nkhope yonse ya mkaziyo inali mikwingwirima yokha yokha. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Pali bungwe la okonda makobiri amenewa, lochedwa Early American Coppers, limene linayamba mu 1967. Anthu ace ali ndi kayesedwe kao kouma. Ayamba apereka nambala ya kuoneka kwa zozokotedwa, kenaka acotsapo monga mwa zilema zimene apeza, ndipo yotsalayo ndiyo nambala yeni yeni. Kobiri looneka ngati 30 koma lokhala ndi cipsera pa tsaya lingathe kutsika kufika pa 15. Kawiri kawiri nambala zao zicepa kuposa za makampani, ndipo iwo anyadira cimeneco.

Lolemba m'mawa

Usiku wa Lamulungu sindinagone. Mnzanga wina anandiuza kuti ndilipake mafuta a nsapato kuti lide, ndi kulibweza m'kathumba kace osanena kanthu. Ndibvomere kuti ndinaganizapo nthawi yaitali. Koma m'mawa ndinapita ku ofesi, ndinaliika pa tebulo, ndipo ndinati, "Aphunzitsi, ndalakwa. Ndalikweca ndi phulusa ndisanawerenge buku."

Anakhala cete nthawi, ali kulitembenuza. Kenaka anati, "Iri si losowa ai. A 1851 anasula oposa mamiliyoni asanu ndi anai, ndipo ine ndinaligula ndi ndarama zocepa. Koma khungu limene wacotsali linatenga zaka zoposa 170 kuti likhalepo, ndipo madzi akatayika saoleka. Tsono khala pansi uliyese, ulembe pa kathumbapo zimene uona."

Ndinayang'ana tsitsi ndi masamba, ndinalemba 20. Iwo anafunsa, "Basi?" Ndinacotsapo cifukwa ca mikwingwirima, ndinalemba 10. Anafunsanso, "Nanga wodzaliona m'tsogolo adzadziwa bwanji cifukwa cace?" Pamenepo ndinalemba pansi pace ndi dzanja langa kuti, "Linakwecedwa ndi phulusa ndi ndimu." Cimeneco ndico cinali cilango canga, ndipo cinandipweteka kuposa kusadza udzu pa bwalo la mpira.

Pambuyo pace anandiuza nkhani imene sinali m'buku lija. Munthu wina wolemera, George H. Clapp, anapereka makobiri ace osankhika ku bungwe la American Numismatic Society ku New York kuti anthu onse aphunzirepo. Sheldon, pokhala katswiri wokhulupirika, anali kuloledwa kuwaona ndi kuwagwira. Iye anamwalira mu 1977. Patapita zaka, anthu poyerekeza makobiriwo ndi zolembedwa zakale anapeza kuti ambiri abwino anacotsedwa, ndipo m'malo mwace munaikidwa ena a mtundu womwewo koma otsikirapo. Abwinowo anapezeka kuti anapyola m'manja mwa Sheldon, ndipo mlandu utazengedwa ku California m'zaka za m'ma 1990, bwalo linalamula kuti amene anali nao awabweze. "Waona," anatero Aphunzitsi, "maso ace anali akuthwa kuposa a anthu onse, ndipo ndi maso omwewo anadziwa loti atenge ndi loti asiye. Muyeso ndi wabwino, koma sungathe kudziyesa wokha."

Ndinaturuka mu ofesimo ndiri kuganiza za mafuta a nsapato aja. Kusiyana kwa ine ndi dokotala wochukayo kunali kwa usiku umodzi wokha.

Mau otsiriza

Mu November 2025 nyumba yosulira ndarama ya ku Philadelphia inadinda masenti otsiriza oyenda pa malonda, patapita zaka 232 ciyambire kobiri la unyolo, cifukwa kusula senti imodzi kunali kudya ndarama zoposa senti. Monga zinacitikira mu 1857, ena tsopano ali kuyang'ana m'zitini zao.

Ife makobiri a 1793 sitidzawatola pa njira. Koma luso la kuyesa tingaliphunzire ndi zimene tiri nazo: makobiri obooka a agogo athu, ndi matambala ofiira a 1971 amene sagulanso kanthu pa msika. Tengani asanu a mtundu umodzi, muwandandalike kuyambira lofufutika kufikira looneka bwino, ali yense alembe nambala yace mobisa, kenaka muyerekeze. Mudzaona kuti mwini kobiri nthawi zonse alemba nambala yokwera kuposa anzace. Ife tayesa kale m'nyumba yathu yogona, ndipo zinatero ndithu, ndi ine ndemwe.

Malangizo anga ndi atatu. Gwirani ndarama yakale m'mphepete. Isungeni pouma, m'kathumba ka pepala. Ndipo musaikwece, ngakhale ioneke yakuda motani. Cithunzi cimene ndinalonjeza Akonzi sindinajambule, pakuti ndinacita manyazi. Koma kobirilo likali mu ofesi ya Aphunzitsi, ndi mau anga pa kathumba kace, ndipo anena kuti ali yense wofuna kuliona afike Lacitatu masana.

Wophunzira wa Fomu 3